Mitumbira Iwiri ya Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Fomu 1, tsiku limene matumba awiri a simenti anafika pakhomo pathu pa Chiosya atamangidwa pa njinga. Amalume anga a Gelevaziyo anawaika pamwamba pa njerwa m'ngodya ya nyumba, n'kuwafunditsa pepala la pulasitiki kuopa chinyontho. Simentiyo inali ya chiliza cha amayi anga.

Amayi anamwalira ndili ndi zaka zinayi, mvula itangoyamba kumene. Iwo ndi abambo anachokera ku Phalombe kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya, ulendo wa maola awiri pa njinga kuchokera pomwe ndinakulira. Zonyamula maliro kupita nawo kumudzi zinali zosatheka, motero amayi anaikidwa kumanda a matenanti, kumapeto kwa esiteti komwe khasu silinkafika. Abambo anawoloka malire kukafuna esiteti ina ku Zambia, ndipo kufikira lero akufunabe. Ine ananditenga amayi aang'ono, amene anakwatiwa pa Chiosya. Mwana wa zaka zinayi sapita kumanda, ndipo amayi aang'ono patsikulo anali ndi khanda la masiku asanu, sanapitenso. Mtanda wamtengo umene anazika pamtumbirapo chiswe chinaudya, zotsala lupsa linamaliza. Pamene ndinkakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, panalibe munthu pakhomo pathu amene akanatha kuloza ndi chala kuti amayi agona apa.

Amalume nawo maliro a mlongo wawo sanawaone. Uthenga unawapeza mochedwa ku Lilongwe kumene ankagwira ntchito ya makompyuta mu ofesi ina, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima zaka zonsezo. Matenda atawabweza kumudzi, anafika ataonda, malaya akulendewera m'mapewa, atanyamula chikwama cha zovala ndi laputopu yakale yolemera ngati njerwa. Ananena poyera kuti asanatsikire kuli chete, mlongo wawo akhale ndi chiliza chokhala ndi dzina.

Pa esitetipo panatsala munthu mmodzi yekha wodziwa manda aja, a Zakeyu, amene anakhala mkulu wa adzukulu okumba manda kuyambira maliro oyamba. Sankadziwa kulemba, koma m'mutu mwawo munali mzere wonse: woyamba anagona patsinde pa mtengo wa muwanga, wachiwiri pambali pake, choncho kutsetserekera ku chulu, mzere ukatha n'kukayambanso wina kumtengo. Nthawi imeneyo a Zakeyu anali atatupa miyendo, osathanso kuchoka pamphasa. Amalume anapalasa njinga ndi laputopu yawo, anakhala pambali pa mphasayo, nkhalamba ikutchula maina mwa ndondomeko yake, iwo akulemba. Anakwana makumi anayi ndi limodzi. Mwezi usanathe a Zakeyu anamwalira, anawaika kumapeto kwa mzere womaliza, ndipo amalume anawonjezera dzina lawo kumapeto kwa mndandandawo.

Zonsezi ndikukuuzani lero chifukwa ndinadzazidziwa pambuyo pake. Panthawiyo ndinkangodziwa kuti mu laputopu muli maina a anthu akufa a ku esiteti, ndipo la amayi lili momwemo. Zoti malo a dzina lililonse pamndandandapo ndiwo malo a mtumbira wake, palibe anandiuza. Kwathu nkhani za kumanda sakamba ndi ana.

Chimene amalume ankakamba nane chinali kompyuta. Masana ndikaweruka kusukulu tinkakhala pansi pa chigafa, fungo la fodya wa chaka chatha likadali m'mitengo yake, laputopu ili pa mtondo wovundikira. Batire tinkakatchaja kwa wometa tsitsi pa msika, ndipo linkatha ola lisanakwane, kotero phunziro linkayenda mothamanga. Ankandiphunzitsa chilankhulo cholamulira kompyuta chotchedwa Python. Ankati ndi chilankhulo chofatsa, choyenera oyamba kumene ndi anthu amakani ngati ine.

Tinayamba ndi mawu. Anatenga dzina langa, analemba dzina = 'Esinta', n'kundiuza kuti chizindikiro chimodzi cha kufanana ndi kupereka dzina kwa chinthu, koma zikakhala ziwiri ndi funso lakuti kodi izi n'zofanana. Kompyuta inkayankha True ikavomera, False ikakana, ndipo sinkadziwa kunyengerera. Kenako analemba lina = dzina, n'kuwonjezera mawu akuti wovuta pa linalo.

"Tafunsa tsopano," anatero. "Dzina loyamba lija lasintha?"

Ndinafunsa. Kompyuta inaonetsa Esinta, wopanda chilema chilichonse. Esinta wovuta anali kwinako.

"Waona? Mawu sasinthika. Ukawagwira, kompyuta imakupangira atsopano, akale aja amakhala momwe analili."

Phunziro limenelo linandilowa bwino, mwina bwino kupitirira muyeso.

Sabata yotsatira tinafika pa mndandanda. Tinalemba wa ndiwo: chisoso, bonongwe, nkhwani. Apa m'pamene ndinamva koyamba kuti kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, ndipo ndinaseka mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinawafunsa ngati mwana wachisamba wa amayi aang'ono tizimutchula kuti mwana nambala ziro. Amalume anaseka nawo, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo tsiku limenelo phunziro linathera pomwepo. Anali atangondionetsa kuwonjezera chinthu pamndandanda ndi kuusanja motsatira zilembo. Zotsalazo anati tidzapitiriza.

Sitinapitirize. M'mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati, chifuwa chija chinakula ndipo anawatengera kuchipatala ku Lilongwe. M'mawa wonyamuka anandiitana ali kale pa keliyala ya njinga.

"Laputopu ndakusiyira, uziphunzira. Koma mndandanda wotchedwa manda usaukhudze. Ukafuna kusewera upange wako."

"Ndamva, amalume."

Ndinamvadi, ndipo masiku atatu ndinasewera ndi chisoso ndi bonongwe basi. Tsiku lachinayi mtima unandikoka. Ndinalibe chithunzi cha amayi, ndinalibe ngakhale mpango wawo. Nkhope yawo sindinkaikumbukira. Chimene ndinkakumbukira chinali msana wofunda ndi fungo la fodya wamuwisi m'manja mwawo. Ndinkangofuna kuona dzina lawo litalembedwa penapake. Ndinatsegula kapulogalamu ka amalume, kamene kankatenga maina aja m'failo, ndipo ndinalemba kuti manda.

Maina anakhuthuka pagalasi onse pamodzi, othithikana, wina pambuyo pa mnzake mopanda mutu. Maso anga anathamanga uku ndi uku osawapeza amayi, kanyali ka batire kataphethira kale. Ndiye ndinapsa mtima. Muyenera kudziwa kuti kusukulu ndinali monita wa kalasi, wosunga kaundula, ndipo ndinkanyadira kuti maina a m'kaundula wanga anali osanjika kuyambira A mpaka Z. Ndinaona ngati amalume, ndi nzeru zawo zonse za ku Lilongwe, angounjika anthu akufa ngati nkhuni. Ndinaganiza zowakonzera.

Koma lamulo ndinalikumbukira, ndipo apa m'pamene mtima umandiwawa mpaka lero, chifukwa sindinachite mwamwano. Anati ndipange wanga, ndinapanga wanga. Ndinalemba wanga = manda, monga momwe tinachitira ndi dzina langa lija. Kenako ndinalemba wanga.sort() n'kudina batani.

Maina anafola bwinobwino ngati ana pa asembule. Ndinatsika ndi chala mpaka pa F, ndipo anali pamenepo: Felesiya. Ndinagwira galasilo, linali lofunda. Ndinakhala choncho kanthawi, mphepo ikuwomba zinyalala za chimanga pabwalo, ndipo ndinalira pang'ono, kulira kokoma.

Pofuna kutsimikiza kuti sindinataye munthu aliyense pokopera, ndinafunsa funso lija la zizindikiro ziwiri: wanga == manda. Kompyuta inayankha kuti True. Ndinakondwa, ndinadziyamikira. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanadabwa kuti mndandanda wosanja ukufanana bwanji ndi wosasanja, pakuti amalume anali atandionetsa ndi ndiwo zija kuti ukangosinthanitsa malo a chisoso ndi bonongwe kompyuta imakana kuti n'zofanana. Koma safunsa anadya phula. Ndinatseka kapulogalamuko batire lisanathe. Amalume anakapanga moti potseka kazilemba mndandanda wa manda m'failo muja mmene ulili panthawiyo, kuopa kuti angataye dzina limene awonjezera. Kanachita ntchito yake mokhulupirika.

Amalume anabwerako patapita milungu iwiri, ataondanso kuposa kale koma maso ali owala. Anali atapangana kale ndi mmisiri kuti chiliza chimangidwe Loweruka. Lachinayi masana anandiitanira pansi pa chigafa.

"Bwera, Esinta. Wakula tsopano. Lero tione malo a amayi ako, mawa tikakhome chikhomo kuti mmisiri asasokere."

Anatsegula, analemba kuti manda, n'kudina. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo, kudikira kuti ndiwaonetse mndandanda wanga wokongola. Ndinaona milomo yawo ikuwerenga chamumtima: Agnesi, Alufeyo, Anderea. Anatsika mpaka pansi, anakweranso. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Wachita chiyani?"

"Sindinaukhudze, amalume. Ndinapanga wanga, monga munanenera."

"Tandionetsa mmene unapangira."

Ndinalemba mizere iwiri ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analemba okha funso limene ndinali ndisanalionepo, wanga is manda, ndipo kompyuta inayankhanso kuti True. Anatsamira nsanamira ya chigafa n'kutseka maso. Ndinayembekezera khofi, ndipo ndikanalilandira ndi manja awiri, koma silinabwere. Anayankhula motsitsa, ngati akuyankhula ndi munthu wodwala.

"Pakhomo pano timakutchula Esinta. Kutchalitchi amakutchula dzina laubatizo, Mariya. Ndinu anthu angati?"

"Mmodzi."

"Tikamumeta Esinta, Mariya atsala ndi tsitsi?"

Anapitiriza osadikira yankho.

"Mndandanda suli ngati mawu, mwanawe. Umasinthika pomwe ulili. Iwe sunapange wako. Unangoupatsa womwewo dzina lachiwiri, n'kuusanja."

"Koma maina onse alipo, amalume. Sindinataye ngakhale limodzi."

Pamenepo m'pamene anandiuza za a Zakeyu, za mtengo wa muwanga ndi chulu, zakuti dzina loyamba linali mtumbira woyamba. Ndinawapempha kuti abwezeretse, pakuti ndinkakhulupirira kuti palibe chimene amalume sangachite ndi kompyuta. Anapukusa mutu. Anati kusanja sikusunga chikumbutso cha mmene zinthu zinalili, ndipo failo yakale ija yalembedwa pamwamba. Anayesabe. Tsiku lonse lotsatira ndinathamanga katatu kwa wometa tsitsi kukatchaja batire, iwo akufufuza m'mimba mwa laputopuyo ngati mwina munatsala kachidutswa. Madzi akatayika saoleka. Pa anthu makumi anayi ndi awiri, amene tinali otsimikiza kuti atsala pamalo pawo anali a Zakeyu okha, omaliza kumanda ndiponso omaliza pa zilembo.

Chinatsala chinali chimodzi. Amalume anati tsiku lomwe ankalemba maina aja anaifunsa kompyuta malo a mlongo wawo, ndipo nambala 17 inawakhala m'mutu. Loweruka m'mawa tinapita ku esiteti, iwo, ine ndi mmisiri, simenti titaisiya kunyumba kuti tikaone kaye. Kapitawo anatilola kulowa. Aka kanali koyamba kuti ndiponde kumanda. Udzu unali utapsa kumene, phulusa likumata kumapazi, mitumbira itafola yotsika, yofanana yonse, ina itatsala pang'ono kufafanizika. Tinayamba pa muwanga, amalume akuwerenga mokweza ataitsamira njinga. Atafika pa 17 anaima. Ine ndinali nditayamba kale kugwada.

"Dikira," anatero.

Anayang'ana mtumbira umenewo, n'kuyang'ananso wotsatira wake.

"Ndikatseka maso ndikuiona 17. Koma sindikudziwa ngati ndi 17 imene inandiyankha kompyuta, kapena imene ndinawerengera ndekha nditawonjezera imodzi. Ikakhala ya anthu, ndi uwu. Ikakhala ya kompyuta, yoyambira pa ziro, ndi uwo."

Chinthu chomwe ndinasekera mpaka kubalalitsa nkhuku chija chinali chitaima pakati pa ine ndi amayi anga. Anayesa kukumbukira mpaka thukuta linatuluka pachipumi, koma mankhwala ndi malungo a milungu iwiri zinali zitawasokoneza. Tinayenda m'nyumba za matenanti kufunsa. Matenanti sakhalitsa pamalo amodzi, ndipo a nthawi ya amayi anali atabalalika kalekale. Mayi wina anati akukumbukira kuti ndi wakumtunda, mnzake anati wakumunsi, ndipo poyang'ana nkhope zawo ndinadziwa kuti onse awiri ankangotimvera chisoni.

Mmisiri anali munthu wa ntchito zambiri ndipo dzuwa linali litakwera.

"Achimwene, ingosankhani umodzi. Akufa sadandaula."

"Dzina la mlongo wanga sindingalilembe pamutu pa mlendo," anatero amalume. "Nanga mwini wake akadzabwera, adzapeza mayi ake atasanduka Felesiya?"

Tinabwerera osamanga kanthu. Ine ndinkayenda kumbuyo, kuyang'ana msana wowonda wa amalume ukukankha njinga pamchenga, ndipo ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Mwini wake wina anabweradi, ngakhale sanali wa mitumbira iwiri ija. Mvula isanagwe kunafika bambo wa ku Mulanje amene anamva kuti pa Chiosya pali munthu amene analemba manda a ku esiteti. Ankafuna pamene panagona mwana wake wamwamuna. Amalume anamuonetsa dzinalo pagalasi, n'kumuuza kuti malo ake anasokonekera m'manja mwawo. Sananditchule. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, nditadziluma chala kuti kulira kwanga kusamveke.

Matumba a simenti aja anakhalabe m'ngodya. Dzinja litafika chinyontho chinawapeza ngakhale anali ofunditsidwa, ndipo anauma gwa. Amalume nawo ankatha tsiku ndi tsiku. Ine laputopu ndinaleka kuigwira, ngakhale kuiyang'ana. Tsiku lina chimanga chili m'mawondo anandituma kukatchaja batire, ndipo nditabwera anandikhazika pamphasa pawo.

"Ukundithawa."

"Ndinalakwa, amalume."

"Unalakwa pang'ono. Wolakwa kwambiri ndine. Ndinakuuza kuti usakhudze, koma sindinakuuze chifukwa chake. Ndinakuuza kuti upange wako, koma sindinakuphunzitse kapangidwe kake. Ndiponso munthu wa makompyuta ngati ine kusunga chinthu chotere malo amodzi okha, osachilemba ngakhale papepala, ndi manyazi. Tatsegula."

Manja awo sankathanso kulemba, motero ankanena ine ndikulemba. Anandiuza kuti ndilembe wanga = manda[:], ndipo anati timizere tiwiri ndi timadontho tiwirito ndi timene timauza kompyuta kuti ikope mndandanda watsopano. Ndinafunsa funso la zizindikiro ziwiri, inati True. Ndinafunsa lija lakuti kodi ndi chinthu chimodzi, inati False. Ndinayang'ana tizizindikiro timeneto, tating'ono ngati nyerere, ndipo misozi inagwera pamabatani. Amalume anandisiya ndilire, kenako anati phunziro lija tinalisiya panjira lathera pamenepa. Anamwalira chimanga chisanache.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi kuphunzitsa achinyamata chilankhulo chomwechi ku Lilongwe. Ophunzira anga amandinena kuti ndine wovuta, chifukwa sindilola munthu kusanja mndandanda asanandiuze kuti ndondomeko yakaleyo inkatanthauza chiyani ndiponso kuti waisunga kuti. Akandifunsa chifukwa chake ndimawauza nkhani yonseyi, osabisa kanthu, pakuti ndinaona ndekha zimene lamulo lopanda chifukwa limachita kwa mwana womvera. Ndinazindikiranso kuti chimene chinkaoneka ngati chisokonezo m'maso mwa monita wa Fomu 1 chinali nzeru za zaka zambiri za nkhalamba yosadziwa kulemba, ndipo ine ndinazifafaniza ndi batani limodzi pofuna kukongoletsa.

Nditayamba ntchito ndinagula simenti ina, matumba anayi. Ndinamangitsa ziliza ziwiri zofanana, pa 17 wa anthu ndi pa 17 wa kompyuta, zonse zopanda dzina. Chaka chilichonse udzu ukapsa ndimapita kukasesa. Mmodzi mwa awiriwo anandibereka kumsana m'munda wa fodya. Winayo sindimudziwa, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, koma abale ake sanabwerepo, ndiye wapeza mwana mwa ine. Ndikamaliza kusesa ndimagwada pakanjira kopapatiza ka pakati pawo, dzanja lina apa, lina apo. Ndikamati "Amayi, ndabwera," ndimatseka maso, kuopa kuti ndingayang'ane kolakwika.